Msana wa Italy: Mapiri Amene Anatuluka M'nyanja, Tsopano Akung'ambika

Mukatenga mapu a ku Ulaya n'kuyang'ana dziko la Italy, mudzaona kuti limaoneka ngati jombo imene munthu waiponda m'nyanja ya Mediterranean. Pakati pa jomboyo, kuyambira kumpoto kufupi ndi mzinda wa Genoa kukafika ku Calabria kumene kuli chala cha phazi, pali mtandadza wa mapiri otchedwa Apennines. Eni dziko amati mapiriwa ndiwo msana wa dziko lawo. Mtandadzawu ndi wautali makilomita pafupifupi 1,200, kuposa Malawi yense kuchokera ku Chitipa mpaka ku Nsanje, ndipo nsonga yake yaitali kwambiri, Corno Grande, ndi ya mamita 2,912. Sapitwa wathu wa ku Mulanje amaiposa ndi mamita 90 okha.

Ambiri mwa ife amene tinafikako ku Rome, ku Assisi kapena ku Florence, kaya pa tchuthi kaya pa ulendo wa mpingo, tinadutsa m'mapiri amenewa, mwinanso tikusinza m'basi kapena m'sitima. Ana athu ena akulingalira zokachita maphunziro ku Perugia, ku Bologna kapena ku L'Aquila. Ndi malo okongola, palibe angatsutse. Komatu m'mapiri momwemu ndi mmene mwachitika maliro aakulu a dziko la Italy. M'chaka cha 1915 chivomezi chinapha anthu pafupifupi 30,000 ku Avezzano ndi midzi yoyandikana nayo. Mu 1980 ku Irpinia kunafa anthu pafupifupi 3,000. Mu 1997 mbali ina ya denga la tchalitchi chachikulu cha San Francesco ku Assisi inagwa n'kupha anthu anayi. Mu 2009 ku L'Aquila kunafa anthu 309, ndipo mu 2016 ku Amatrice ndi midzi yozungulira kunafa anthu 299. Mukaika timadontho pa malo onsewa, mudzaona kuti tandandalika pamzere umodzi, motsata msana womwe uja.

Zimenezi sizinangochitika. Mapiriwa anapangidwa ndi kukankhana kwa nthaka, koma lero lino pamwamba pake pakukokedwa mbali ziwiri, ndipo ming'alu imene ikutseguka kumeneko ndi ya mtundu womwewo ndi imene inagwetsa nyumba za abale athu ku Karonga mu Disembala 2009. Kuti zimveke bwino, tiyambire kutali.

Zigoba za m'nyanja pamwamba pa phiri

Kuyambira kalekale alimi a ku Tuscany akamalima ankafukula zigoba za nkhono za m'nyanja, chikhalirecho minda yawo ili kumtunda, kutali ndi gombe. Ena ankati zinasiyidwa ndi chigumula cha Nowa, ena ankati miyala imangomera yokha yooneka choncho. Leonardo da Vinci anakana maganizo onse awiri, koma zimene analemba zinakhala m'makope ake osafalitsidwa. Amene anaiika nkhaniyi poyera anali katswiri wa za thupi la munthu wochokera ku Denmark, Niels Stensen, amene mabuku ambiri amamutcha Nicolas Steno. Ife anamwino timamudziwa pa chifukwa china: kanjira kamene kamatenga malovu kuchokera kufupi ndi khutu kukathira m'kamwa kamatchedwa dzina lake mpaka lero, pakuti ndiye anakatulukira.

M'chaka cha 1666 asodzi anagwira shaki wamkulu kufupi ndi Livorno, ndipo mutu wake anautumiza ku Florence kuti Steno aung'ambe. Iye atayang'anitsitsa mano a shakiyo anaona kuti ndi ofanana ndendende ndi timiyala tosongoka timene anthu ankatola m'matanthwe n'kumatitcha malilime a miyala. Tsono dzino la nsomba lalowa bwanji m'kati mwa thanthwe? Yankho analilemba m'buku lake la 1669: thanthwelo poyamba linali matope pansi pa madzi. Matope amayalana, ena pamwamba pa anzake. A pansi ndiwo akale, a pamwamba ndiwo atsopano. Ndipo amayalidwa mogona. Choncho tikaona miyala yoyalanayo itapendekeka kapena itapindika, ndiye kuti chinachake chinaisuntha pambuyo pake. Mfundo imeneyi ikuoneka yapafupi, koma ndi pamene panayambira maphunziro onse a mbiri ya miyala.

Lero tikudziwa kuti miyala yambiri ya m'mapiri a Apennines ndi ya laimu, ndipo inapangidwa pakati pa zaka pafupifupi 200 miliyoni ndi 66 miliyoni zapitazo m'nyanja yakale imene akatswiri amaitcha Tethys, yomwe inali pakati pa Africa ndi Ulaya. Malo ena munali mosaya, madzi ofunda ndi oyera, mmene munkakhala nkhono ndi zamoyo zina za zigoba. Malo ena munali mwakuya, mmene tizigoba ta tizilombo tosaoneka ndi maso tinkagwera pansi ngati ufa, zaka ndi zaka osalekeza. Munthu amene wakwera Corno Grande waima pansi pa nyanja yakale, imene inanyamulidwa mamita pafupifupi 3,000.

Mlendo amene alibe mphamvu zokwera mapiri angathe kuona zonsezi pa khoma la tchalitchi chachikulu cha ku Florence. Mwala woyera ndi wa mabo wochokera ku Carrara, umene unali laimu wamba mpaka pamene unakwiririka pansi kwambiri n'kupsa ndi kutentha ndi kupsinjika. Michelangelo anasema chiboliboli cha David pa mwala wa mtundu womwewu pakati pa 1501 ndi 1504. Mwala wobiriwira modera ndi wochokera ku Prato, ndipo umenewo ndi chidutswa cha pansi penipeni pa nyanja ija, chimene chinapulumuka pamene mbali yaikulu inkamezedwa.

Koma malo amene amatichititsa chidwi koposa ali kufupi ndi tauni ya Gubbio, kumpoto kwa Assisi. M'chigwa chopapatiza cha Bottaccione, m'mphepete mwa msewu, miyala ya laimu yofiirira yayalana ngati masamba a buku, ndipo pakati pake pali kamzere ka dongo kochindikala ngati chala chaching'ono, sentimita imodzi basi. Pansi pa kamzereko mwala wadzaza tizigoba tokulirapo ta mitundu yambiri. Pamwamba pake pafupifupi tonse tazimirira, tangotsala tating'onoting'ono. Walter Alvarez, katswiri wa miyala wa ku America, anatenga dongolo n'kupita nalo kwa bambo ake, Luis Alvarez, amene anali katswiri wa fizikisi. Atayeza pamodzi ndi anzawo anapeza kuti muli chitsulo chotchedwa iridium chochuluka maulendo pafupifupi 30 kuposa m'miyala yoyandikana nalo. Chitsulo chimenechi n'chosowa pano padziko koma n'chochuluka m'miyala yogwa kuchokera kumwamba. Mu 1980 analengeza kuti zaka zimene tsopano timaziwerenga kuti 66 miliyoni zapitazo, chimwala cha makilomita pafupifupi 10 chinagunda dziko, fumbi linaphimba dzuwa, ndipo zinyama za dinosaur zinatha pamodzi ndi zamoyo zina zambiri. Akatswiri ambiri anakayika poyamba, koma chidzenje chake chinapezeka ku Yucatán m'dziko la Mexico. Ana asukulu amene mumakonda nkhani za dinosaur, umboni woyamba wa imfa yawo unatoledwa m'mphepete mwa msewu m'mapiri a Apennines.

Mapale amene amayenda

Nanga pansi pa nyanja panafika bwanji m'mwamba? Dziko lapansili lili ndi chigoba cholimba kunja kwake, koma chigobacho n'chosweka ngati mbiya, ndipo mapale ake akuluakulu agona pa miyala yotentha imene imatha kusuntha pang'onopang'ono. Phale la Africa lakhala likusendera kumpoto kwa zaka mamiliyoni ambiri, ndipo chakufupi ndi Italy liwiro lake ndi mamilimita ochepa chabe pachaka. Kutsogolo kwake kuli kaphale kena kotchedwa Adria, kamene kali pansi pa nyanja ya Adriatic kum'mawa kwa Italy. Adria ndi kamene kanakagunda Ulaya n'kutukula mapiri a Alps. Mapiri a Apennines ndi ang'ono ake a Alps: anayamba kuumbika zaka pafupifupi 30 miliyoni zapitazo, ndipo mbali yaikulu ya kutalika kwake anaipeza m'zaka mamiliyoni awiri kapena atatu omalizawa.

Pansi pa nyanja pakakalamba pamazizira n'kulemera, ndipo pakakumana ndi phale lina pamalowa pansi pake. Kumeneko mbali ya kumadzulo ya Adria inayamba kulowa pansi, ikumira chakumadzulo. Matope ndi laimu zimene zinali pamwamba pake zinali zopepuka, motero sizinamire nawo. Zinkapalidwa n'kuunjikana, monga momwe thirakitala yopala msewu imaunjikira dothi kutsogolo kwake. Miyala inapindika, inathyoka, ndipo zigawo zina zinakwera pamwamba pa zinzake n'kuyenda makilomita ambiri chakum'mawa. N'chifukwa chake malo ena mumapeza mwala wakale utakhala pamwamba pa mwala watsopano, zimene Steno akanati chinachake chinasuntha.

Apa ndiye pagona nkhani. Phale lomiralo silikungolowa pansi chifukwa chokankhidwa ayi, likumira chifukwa cha kulemera kwake komwe. Taganizirani mkeka umene ukuyandama pamadzi, mbali imodzi yanyowa n'kuyamba kumira. Pamene mkekawo wapindikira sipakhala pamodzimodzi, pamanka pabwerera m'mbuyo, ndipo madzi amatsatira kudzadzaza malo amene atsala. Ndi mmene zinachitikira kuno. Popindikira pa phale panka pabwerera kum'mawa, ndipo nthaka ya pamwamba inkakokedwa kutsatira.

Kukoka kumeneku kunasintha mapu onse. Zilumba za Sardinia ndi Corsica poyamba zinali zolumikizana ndi gombe la kumwera kwa France ndi Spain. Zinathothoka kumeneko, n'kutembenuka ngati chitseko, ndipo zinafika pamene zili lero zaka pafupifupi 15 miliyoni zapitazo. Kenako, kuyambira zaka pafupifupi 10 miliyoni zapitazo, nthaka inang'ambikanso kum'mawa kwa zilumbazi, n'kutseguka nyanja yatsopano ya Tyrrhenian, imene malo ena ndi yakuya mamita oposa 3,500. Calabria, chala cha phazi chija, anatengedwa kuchokera kufupi ndi Sardinia n'kukasiyidwa moyang'anizana ndi Sicily. Phale lomira lija lilipobe pansi pa nyanja imeneyi, ndipo timadziwa chifukwa zipangizo zimamva zivomezi zochokera makilomita mazanamazana pansi. Mapiri ophulika a m'derali, monga Stromboli ndi Vesuvius amene anakwirira mzinda wa Pompeii m'chaka cha 79, ndi zipatso za kumira komweku.

Tingotchulako mwachidule chodabwitsa china. Zaka pafupifupi 6 miliyoni zapitazo kuyenda kwa mapale kunatseka njira zimene madzi a Atlantic ankalowera mu Mediterranean. Madzi anaphwera, n'kusiya mchere umene malo ena ndi wochindikala kuposa kilomita imodzi, monga inatsimikizira sitima yoboola pansi pa nyanja ya Glomar Challenger mu 1970. Madzi anabwereranso zaka 5.3 miliyoni zapitazo kudzera pa Gibraltar. Wina mwa miyala imene inatsala pa nthawiyo ndi jipisamu, amene lero akuoneka ngati khoma lotuwa m'mapiri a kum'mawa kwa Bologna. Ndi mwala womwewu umene amaupera n'kupanga ufa wa chikhakha chimene timaika pa mkono wothyoka.

Kutsogolo kukankha, kumbuyo kung'amba

Motero mapiri a Apennines ali ndi nkhope ziwiri. Kum'mawa ndi kumpoto, pansi pa nyanja ya Adriatic ndi pansi pa chigwa cha mtsinje wa Po, nthaka ikukankhanabe. Zivomezi za ku Emilia za pa 20 ndi 29 Meyi 2012, zimene zinapha anthu 27, zinali za mtundu umenewu, ndipo ambiri mwa omwalirawo anali antchito, ena obwera kuchokera kunja, amene madenga a mafakitale anawagwera. Koma pamwamba pa msana, nthaka ikutanuka. Zipangizo za GPS zimaonetsa kuti mbali ya kum'mawa ikutalikirana ndi ya kumadzulo mamilimita pafupifupi atatu pachaka. Chikhadabo cha munthu chimakula motero pa mwezi umodzi.

Zikuoneka zochepa, koma mwala sutanuka ngati mphira mpaka kalekale. Mng'alu umagwirana zolimba, mphamvu n'kumaunjikana. Mamilimita atatu pachaka, pakatha zaka 1,000, ndi mamita atatu. Tsiku lina mng'aluwo umalephera kupirira, mbali imodzi n'kutsetserekera pansi pa kanthawi kosakwana mphindi imodzi. Choipitsitsa n'chakuti ming'alu ya kumeneko imathyokera pafupi, makilomita 8 kapena 10 pansi pa midzi, ndiye kugwedezako kumafika pamwamba kusanathe mphamvu.

Ife a ku Malawi zimenezi sizachilendo. Aliyense amene anatsikapo pa Chiweta kapena pa msewu wa Golomoti kuchokera ku Dedza anatsika pamalo pamene nthaka inang'ambika mbali ina n'kutsikira pansi, ndipo nyanja yathu, yakuya mamita pafupifupi 700, yagona m'chigwa chimene chinapangika motero. Chivomezi cha ku Salima cha pa 10 Malichi 1989 ndi zivomezi za ku Karonga, zimene chachikulu chake chinachitika pa 19 Disembala 2009, zinachokera ku ming'alu ya kutanuka komweku. Chosiyana ndi gwero lake: kwathu ndi Africa amene akupatukana, pamene ku Italy ndi phale lomira lija limene likukoka.

Mbali imene yatsikira pansi imasanduka chigwa, ndipo mitsinje imachidzaza ndi dothi lachonde. M'dziko la miyala ngati limeneli, ndani sangakonde chigwa? L'Aquila, Norcia, Sulmona ndi Rieti, matauni onsewa anamangidwa m'zigwa zotere, kutanthauza kuti anamangidwa patsinde pa ming'alu imene inapanga zigwazo. Chigwa cha Fucino chinali nyanja yaikulu mpaka pamene mwini chuma wina, Alessandro Torlonia, anaikhetsa madzi m'zaka za m'ma 1870. Lero kumachokera karoti ndi mbatatesi zambiri. Koma m'mphepete mwake ndi mmene muli Avezzano, kumene pa 13 Januwale 1915 anthu oposa 10,000 anafa m'tauni imodzi, opulumuka n'kukhala owerengeka. Walira mvula walira matope. Ndiponso dothi lofewa la m'chigwa limagwedezeka kwambiri kuposa thanthwe, monga phala limatekeseka m'mbale pamene mbaleyo yangosunthidwa pang'ono.

Usiku wa ku L'Aquila

Makolo amene muli ndi ana m'makoleji, gawo ili ndi lanu. L'Aquila ndi mzinda wa ophunzira. Miyezi yoyambirira ya 2009 kunkachitika tizivomezi tambirimbiri, anthu n'kumakhala ndi mantha. Pa 31 Malichi akatswiri a boma anakumana mumzindawo, ndipo tsiku lomwelo mkulu wina wa Protezione Civile, nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, anauza atolankhani kuti tizivomezi timeneti tikuthandiza kutulutsa mphamvu ya pansi. Zimenezi sizoona. Pa sikelo yoyezera zivomezi, kukwera ndi nambala imodzi kumatanthauza mphamvu yochuluka maulendo pafupifupi 32, choncho tizivomezi tating'ono, ngakhale titachuluka, timangochotsako kachigawo kosanunkha kanthu.

Pa 6 Epulo, nthawi ya 3:32 usiku, mng'alu wa ku Paganica unathyoka. Chivomezicho chinali cha mphamvu ya 6.3. Mbali ina ya nyumba yogona ophunzira, Casa dello Studente, inagwa n'kupha achinyamata asanu ndi atatu. Anthu pafupifupi 65,000 anasowa pokhala. Chipatala chachikulu cha San Salvatore, chimene chinali chitatsegulidwa mu 2000, chinang'aluka moti odwala anawatulutsa, ndipo ovulala ankathandizidwira panja.

Mu 2012 khoti linagamula kuti anthu asanu ndi awiri a pa msonkhano uja akakhale m'ndende zaka zisanu ndi chimodzi. Dziko lonse linadzidzimuka, ena n'kumati akatswiri akuwamanga chifukwa cholephera kulosera. Mu 2014 khoti la apilo linamasula asanu ndi mmodzi, n'kusiya mlandu pa mkulu amene analankhula ndi atolankhani uja, ndipo khoti lalikulu linavomereza chigamulochi mu 2015. Ife tikuona kuti apa khoti linalasa. Palibe katswiri amene angatchule tsiku la chivomezi, ndipo sangaimbidwe mlandu pa chimenecho. Koma kuuza anthu kuti mitima ikhale m'malo pamene iwe mwini sukudziwa, imeneyo ndi nkhani ina. Abale a omwalira ena anauza khoti kuti kwawo mwambo unali wotuluka panja nthaka ikagwedezeka, koma usiku umenewo anagona m'nyumba chifukwa cha mawu amene anamva. M'chipatala timaphunzira msanga kuti mawu oti "musadandaule" ndi mankhwala amphamvu, osapereka chisawawa.

Pali chinanso chimene zivomezi za ku Italy zinaphunzitsa a zachipatala. Pambuyo pa chivomezi cha ku Messina cha pa 28 Disembala 1908, chimene chinapha anthu oposa 75,000, madokotala anaona kuti anthu ena amene anafukulidwa amoyo, akulankhula bwinobwino, ankamwalira patapita masiku ochepa. Chifukwa chake anadzachifotokoza bwino dokotala Eric Bywaters ku London mu 1941, pa anthu amene nyumba zinawagwera pa nthawi ya mabomba. Mnofu ukapsinjika kwa maola ambiri umafa, ndipo cholemeracho chikachotsedwa, zoipa za mu mnofu wakufawo zimathamangira m'magazi. Potaziyamu angathe kuimitsa mtima, ndipo zina zimatseka impso, mkodzo n'kuda ngati tiyi wopanda mkaka. N'chifukwa chake opulumutsa anthu masiku ano amayesetsa kuika diripi munthu asanamutulutse, ndipo aliyense amene wafukulidwa ayenera kukaonedwa kuchipatala ngakhale akuyenda yekha.

Amatrice ndi Norcia

Pa 24 Ogasiti 2016, nthawi ya 3:36 usiku, chivomezi cha mphamvu ya 6 chinagwedeza malo a pakati pa Amatrice ndi Norcia. Matauni awiriwa anali pa mtunda wosasiyana kwambiri kuchokera pamene chinayambira. Ku Amatrice, kumene kunali kutadzaza alendo odzachita tchuthi ndi kudikira chikondwerero cha chakudya chotchuka cha kumeneko, pakati pa tauni panasanduka mulu wa miyala. Ambiri mwa anthu 299 aja anafera kumeneko, ena mwa iwo ochokera ku Romania ndi ku Britain. Ku Norcia sikunafe munthu.

Kusiyana kwake kunali m'makoma. Nyumba zambiri za ku Amatrice zinali za miyala yosasema yomangidwa ndi matope ofooka, ndipo zina anali ataziika madenga olemera a simenti pamwamba pa makoma akale omwewo. Norcia anali atalumidwapo. Chitachitika chivomezi cha 1859, kunakhazikitsidwa malamulo oletsa nyumba zitalizitali ndi olamula makoma ochindikala, ndipo pambuyo pa zivomezi za 1979 ndi 1997 nyumba zambiri anazilimbitsa ndi zitsulo zomangirira makoma kuti asapatukane. Pa 30 Okutobala chaka chomwecho, m'mawa, kunabwera china cha mphamvu ya 6.5, chachikulu kuposa zonse mu Italy chichitikire cha 1980, ndipo chinayambira pafupi kwambiri ndi Norcia. Tchalitchi cha San Benedetto chinagwa n'kutsala khoma lakumaso lokha. Palibe amene anafa ndi kugweredwa nyumba. Tisabise, china chimene chinathandiza n'chakuti anthu ambiri anali atachoka kale m'nyumba chifukwa cha zivomezi za pa 26 Okutobala. Komabe nyumba zambiri zogonamo zinang'aluka osagwa, ndipo nyumba yong'aluka imampatsa munthu mpata wotuluka.

Malamulo a dziko lonse anasintha chifukwa cha ana. Pa 31 Okutobala 2002 sukulu ya pulayimale ya ku San Giuliano di Puglia inagwa n'kupha ana 27 ndi mphunzitsi wawo, m'dera limene mabuku a boma sankaliwerengera kuti ndi la zivomezi. Chaka chotsatira boma linagawa dziko lonse m'magulu anayi, gulu loyamba kukhala loopsa koposa. Choncho mwana wanu akapeza malo a sukulu ku Italy, angathe kufufuza gulu la tauni imene akupitayo, ndiponso asachite manyazi kufunsa mwini nyumba kuti inamangidwa liti ndipo analimbitsapo chiyani. Chipinda chotsika mtengo m'nyumba yakale yokongola pakati pa tauni chimakopa, makamaka ndalama zikavuta. Nthaka ikayamba kugwedezeka, malangizo a Protezione Civile ndi oti alowe pansi pa tebulo lolimba kapena aime pafupi ndi khoma lalikulu la m'kati, asathamangire pa masitepe kapena m'chikepe, ndipo atuluke kugwedezako kukatha. Nambala ya ngozi ndi 112.

Amene angafike ku Norcia akwereko pang'ono mpaka ku Castelluccio, kamudzi ka pamwamba pa chidikha chimene amalimako mphodza zing'onozing'ono zotchuka m'dziko lonselo. Zithunzi za ma satellite zinaonetsa kuti pa 30 Okutobala paja nthaka ya kumeneko inatsika ndi masentimita pafupifupi 70. Moyang'anizana ndi mudziwo pali phiri la Monte Vettore, ndipo chapamwamba pake pali chingwe cha mwala chimene chadutsa mopingasa phiri lonse. Umenewo ndiwo mng'alu. M'munsi mwa mwala wotuwa wakale munaonekera kamzere koyera ka mwala umene unali m'nthaka mpaka 2016, ndipo malo ena kamzereko ndi kotalika pafupifupi mamita awiri.